Chitenje cha pa Sikelo

Tsiku limene a Constance anayamba ntchito ku ofesi kwathu, ine ndinawaonetsa pamene pamakhala tsache. Ndinaganiza kuti ndi mayi wosesa amene tinkamudikira. Anafika atavala nsapato zapulasitiki zofiira ndi fumbi la ku Chigumula, jumbo ili m'manja m'malo mwa chikwama. Iwo sanakwiye. Anasesa ofesi yonse bwinobwino, kenaka anakhala pa desiki yoyang'anizana ndi yanga n'kufunsa kuti rekoda imasungidwa kuti. Patha zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, koma ndikayamba matama amangoti, "A Dan, tsache lija likadalipo?"

Bungwe lathu ndi laling'ono, zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya matayala ku Ginnery Corner. Timafufuza za umoyo wa anthu m'madera, n'kulemba malipoti othandiza akuluakulu a zaumoyo kudziwa kopita ndi chithandizo. Ine ndine wa manambala: ana angati abayidwa katemera, zitsime zingati zili ndi chivundikiro. A Constance ndi a mawu. Amapita kukacheza ndi anthu, amajambula zimene akunena, amazilemba liwu ndi liwu, kenaka amasanthula kuti apeze chimene anthuwo akudandaula. Kunena zoona, poyamba ntchito yawoyi ndinkaiona ngati miseche yolipidwa.

Anabadwira ku Chigumula komweko. Makolo awo anathawa nkhondo ku Mozambique, kudutsira ku Milanje, atasenza mphasa ndi mphika umodzi. Bambo awo anapeza ulonda m'mashopu a ku Limbe, mayi awo ankagulitsa makala. A Constance atamaliza Fomu 4 anagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe zaka zisanu ndi zitatu, mpaka ophunzira ena ochita kafukufuku anawatenga kuti aziwaperekeza m'makomo. Iwo amati sukulu yawo yeniyeni inali kaunjikayo. "Kasitomala wotamanda diresi sagula," amatero. "Wolinyoza uja, woti msoko wake ndi wokhota, mugwireni ameneyo, ndalama ali nayo." Amayimba kwaya ku Katolika, ali ndi ana awiri, ndipo sachedwa kuseka, koma munthu akamalankhula amakhala duu ngati alibe kopita.

Chaka chathachi tinapatsidwa ntchito ya kudera kwawo. Kumeneko kuli sikelo ya ana imene imachitika kamodzi pamwezi pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi tchalitchi china. Galimoto imabweretsa katemera, mankhwala ndi chiponde cha ana onyentchera. Kale pankabwera amayi oposa zana limodzi, koma tsopano ankangofika makumi anayi. Komiti ya zaumoyo inati itseke sikeloyo, galimoto izipita kwina. Ikanatsekedwa, mayi aliyense akanamayenda maola awiri mwana ali kumbuyo kuti akapeze chipatala. Anatipatsa milungu iwiri kuti tinene chifukwa chimene amayi analekera kubwera.

A Constance anali ku maliro sabata imeneyo, ndiye zokambirana ndinakonza ndine. Ndinazikonza mwaulemu wonse umene anandiphunzitsa mayi anga ku Nyambadwe. Ndinaitana amayi khumi ndi awiri m'tchalitchi muja, ndinagula fanta ndi mabanzi, ndipo a Kingsford, mlangizi wa zaumoyo amene amayeza ana pa sikelopo, ndinawapatsa mpando kutsogolo. Munthu wamkulu sungamusiye panja pa nkhani ya ntchito yake. Ndinafunsa mafunso anga onse. Amayi anati sikelo ndi yabwino, a Kingsford ndi abwino, zonse zili bwino. Nditafunsa kuti nanga anzawo sakubwereranji, mayi wina anati, "Ulesi basi, achimwene," onse n'kuseka. Ndinabwerera ku ofesi mtima uli mbee, n'kulemba kuti amayi a m'deralo alibe chidwi.

A Constance atabwera anamvetsera rekoda ija katatu. Kenaka anandiitana.

"Tamverani apa, a Dan. Mwafunsa za kulemera kwa ana."

Ndinamvera. Panalibe kanthu. Chete, wina n'kutsokomola, benchi n'kulira.

"Palibe chimene anena," ndinatero.

"Eya. Anthu khumi ndi awiri, amayi a ku Chigumula, kukhala chete nthawi yonseyi? Ku maliro komwe sitimatha. Ndipo benchi ikulirayo, wina watuluka. Anatuluka ndani?"

"Kaya. Mwina anakasintha mwana thewera."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Munawaika pamaso pa mtanda, a Kingsford ali pompo, fanta wanu ali m'manja. Inuyo munthu atakupatsani fanta, mungamuuze kuti m'nyumba mwake mukununkha?"

Zinandipweteka, chifukwa fantayo ndinamusenza ndekha kuchokera pa siteji. A Constance anapempha bwana masiku asanu, ndipo anawapatsa.

Sanaitane msonkhano. Anatenga beseni la zovala zawo n'kupita kukachapa pa mjigo pamene amayi amachapira. Sanabise kanthu. Anawauza kuti atumidwa ndi ofesi, kuti sikelo ikhoza kutsekedwa, kuti wofuna kulankhula alankhule ndipo dzina lake silidzalembedwa, wosafuna rekoda anene izimitsidwe. Tsiku loyamba anamva za kukwera mtengo kwa sopo. Lachiwiri anamva za malandilodi. Ine ku ofesi ndinkawerenga masiku n'kumawaimbira foni, iwo n'kumangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lachitatu anthu atabalalika, panatsala mtsikana mmodzi akuchapa thewera limodzi lomwelo. M'mapepala mwathu a Constance anamutcha Ireen, mwana wake Sungeni, koma mayina enieni sindikuwadziwa mpaka lero. Ndiye uja anatuluka m'tchalitchi muja. Mawu ake ndinawawerenga monga anawalembera a Constance.

"Asisi, inu mukudziwa mmene zimakhalira. Sikelo ili pa nthambi uko, wolemba ali pa tebulo uko. Ndiye a Kingsford amakuwa. 'Sungeni, seveni pointi thu! Watsika!' Mzere wonse n'kuti hii. Ndisanamasule n'komwe mwana, ndinamva kumbuyo wina akuti, 'Amusempha ameneyo.' Pofika kunyumba, apongozi anali atamva kale. Akuti nenani, ndani wayenda kunja, inu kapena mwana wanga? Abambo a Sungeni anachoka sabata yathunthu. Ndiye ndibwererenso kuti akandiike pa wailesi? Bola adwalire m'nyumba."

Tsempho ndinkangolimva patali. Akuti mwana akamaonda kapena kutupa, ndiye kuti mmodzi mwa makolo ake wachita chigololo, kapena awiriwo ayambiranso za m'nyumba nthawi yake isanakwane. Choncho nambala imene a Kingsford ankakuwa, anthu sankaimva ngati kulemera kwa mwana. Ankaimva ngati mlandu wa mayi ake. Ireen atalankhula, tsiku lotsatira ena anayamba kuwatsatira a Constance mmodzimmodzi, wina pa njira, wina kuseri kwa kamunda ka chimanga. Amene anasiya kubwera ku sikelo anali omwewo a ana oonda, ofunika chiponde. Ngakhale a ana onenepa ena ankajomba mwana akangotsekula m'mimba, kuopa kuti nambala itsika.

Lachisanu a Constance anasindikiza zonse, anatenga sizasi n'kuduladula mapepala, mawu a munthu aliyense pakepake. Anawayala pansi mu ofesi n'kuyamba kuwaunjika. Odandaula mtunda mulu wawo, odandaula nthawi mulu wawo, miyulu yake yaing'onoing'ono yotsindiridwa ndi makapu a tiyi. Mulu wachitatu anaulemba kuti manyazi, ndipo kapu sinakhazikike pamwamba pake. Anandiuza kuti ndiwerenge kapepala kalikonse mokweza, ndione ngati akaika molakwika. Ndinafunitsitsa kupeza kolakwika, ndinapeza tiwiri tokha.

Apo mkwiyo wanga unasamukira kwa amayi aja. "Mu Blantyre muno, anthu a mafoni m'manja, kumakhulupirira zimenezi? Tilembe kuti akufunika kuphunzitsidwa."

"Aphunzitsidwe, inde," anatero a Constance. "Koma mukamuuza Ireen kuti kulibe tsempho, apongozi ake amva? Mzere uja umva? Mpaka amve onsewo, mwana adikire?"

Anakhala pansi pakati pa mapepala aja, n'kuyamba kundiuza zimene sanandiuzepo zaka zonsezi. Anali ndi mlongo wawo wamng'ono, Aleck. Atayamba kuonda, anthu anati mayi awo amusempha, pakuti bambo ankagona ku ulonda. Mayiwo, mlendo woopa ngakhale kutsegula pakamwa kuchipatala kuti angamufunse kwawo, anangomubisa mwanayo m'nyumba. "Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi," anatero. "Ndinkamubereka ndine. Sikelo sindinkaidziwa, koma msana wanga unkadziwa. Sabata iliyonse ankapepuka. Tsiku lina ndinathamanga naye osatopa, ndipo ndinasangalala, kupusa kwa ubwana." Aleck sanafike zaka ziwiri. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndinakafufuta chiganizo changa chija cha amayi opanda chidwi.

Lipoti lisanapite ku komiti, a Constance anakaonana kaye ndi a Kingsford paokha. Anati si bwino munthu kumvera pagulu zoti pakamwa pake pathamangitsa anthu. A Kingsford agwira ntchitoyi zaka makumi awiri, amayenda pa njinga mvula ndi dzuwa, ndipo mawu awo ndi aja omveka kutsidya kwa dambo. Akuti anangogwira mutu. "Mayi, ine ndimakuwa kuti wolemba amve. Zaka zonsezi palibe anandiuzapo." A Constance anawayankha kuti amayiwo amawalemekeza kwambiri, n'chifukwa chake sakanawauza.

Ku komiti, ine ndinaonetsa manambala anga, iwo anawerenga timapepala tisanu. Kenaka anapempha miyezi itatu, chingwe ndi chitenje. Bambo wina wa tayi anaseka, akuti kafukufuku yense uja mathero ake chitenje? Koma wapampando, mayi wachikulire amene anakhalapo namwino, sanaseke nawo. Anati miyezi itatu si yambiri.

Chingwe anamanga a Kingsford okha, kuchokera pa mango kukafika pa zenera la tchalitchi. Chitenje chinali cha a Constance, cha kwaya, chozilala. Mayi aliyense amalowa kuseri yekha ndi mwana wake. A Kingsford amayeza, amalemba okha m'kabuku, n'kulankhula motsitsa, ngakhale kunong'ona kwawo kumamvekabe ngati njinga yamoto ili patali. Wofunika chiponde amamuikira m'chikwama konko. A Constance anaumirira chinthu chimodzi: aliyense azikhalako nthawi yofanana, wa mwana wonenepa ndi wa woonda yemwe, chifukwa amayi a pa mzere amadziwa kuwerenga mphindi kuposa ine.

Mwezi woyamba anawonjezekera pang'ono. Wachiwiri anafika makumi asanu ndi awiri. Mwezi wachitatu ndinakwera minibasi ku Limbe kuti ndikawerenge ndekha, ndipo ndinapeza mzere utakhota mpaka kuseri kwa tchalitchi. Tsempho silinathe, ndisanamepo, anthu akukhulupirirabe. Koma tsiku limenelo anakwana zana limodzi ndi asanu ndi atatu, ndipo komiti inati galimoto izibwerabe.

Ndinaima pambali ndi a Constance n'kumayang'ana amayi akutuluka kuseri kwa chitenje. Ndinkayesa kuwerenga nkhope zawo kuti ndidziwe amene mwana wake watsika, koma ndinalephera. Onse ankangotuluka akumanga ana kumbuyo.

"Ireen wabwera," anatero a Constance. "Aka n'kachitatu."

"Ndi uti?"

"A Dan, mwayambanso?"

Ndinaseka. "Chabwino. Nanga mwanayo ali bwanji? A Kingsford akuuzani nambala?"

"Sanandiuze, ndipo sindinafunse. Mayi ake anandipatsa kuti ndimugwirire pamene ankamwa madzi pa mjigo, ndiye ndinamubereka kuchokera uko mpaka pano." Anagwira m'chiuno n'kudziwongola, maso ali ofiira koma akumwetulira. "Msana ukundiwawa, a Dan. Mwana ameneyu akulemera."