Matabwa a Bokosi la Amalume Anga a Ndala

Ndaona kuti ndi bwino ndilembe zimene zinachitika tsiku limene tinaika amalume anga a Ndala, chifukwa nkhani imene ikuyenda pamsika wa ku Insaca si yoona. Ena akuti amalume analowa Chisilamu atatsala pang'ono kutsirizika. Ena akuti tinawakwirira ngati chiweto, popanda ulemu uliwonse. Ine ndinalipo kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo, ndiponso mawu amene anathetsa mkangano wa tsikulo anachokera m'kope langa. Ngati pali wolakwa ndine, koma anthu andiweruze atamva zonse.

Ndinadzuka kusanache, nditagona pathumba pafupi ndi moto. Ndinali nditafika dzulo lake madzulo pa shapa, minibasi yonyamula anthu, kuchokera ku Cuamba, kumene ndikuphunzira zauphunzitsi. Unali mwezi wa Juni, ndipo mphepo yozizira yochokera kunyanja ya Chiuta inkalowa mpaka m'mafupa. Pabwalo panali moto pawiri. Pamoto wa kum'mawa panali amuna a kutchalitchi, mawu awo atasasa ndi kuimba kwa usiku wonse. Pamoto wa kumadzulo panali asodzi a kunyanja, ambiri atavala zisoti zoyera, akuyankhulana motsitsa m'Chiyawo. Anthu ankapatsana nkhuni ndi moni, koma aliyense ankabwerera pamoto wa kwawo. Kuseri kwa nyumba azimayi anali atayamba kale kutunga madzi ndi kutsuka matemba. Mbuzi inaphedwa ndi Msilamu, monga timachitira kwathu kuno, kuti pasakhale wokana chakudya.

Kwa amene sankawadziwa, ndifotokoze kuti amalume anabadwa kwa bambo wa Chisilamu ndi mayi wa Chikatolika. Makolowo atalephera kugwirizana za mwana wawo woyamba, anapangana kuti adzasankhe yekha akadzakula. Anakula, koma sanasankhe. Mlongo wawo, amene ndi amayi anga, anabatizidwa ku Malawi pa nthawi imene banja linathawira nkhondo. Mng'ono wawo, amene ndimawatcha amalume aang'ono, anatsatira bambo wake kumzikiti ndipo ndi msodzi ku Chiuta. A Ndala anakhala pakati, akukonza njinga pansi pa mtengo wa mango ndi kunena poyera kuti Mulungu sanamuonepo. Sankanyoza wopemphera aliyense. Ndiponso m'midzi yathu yonse munalibe maliro amene iwo sanagwireko khasu kumanda, kaya womwalirayo anali wa mpingo uti.

Dzuwa likutuluka, nkhungu isanachoke, mmisiri wa matabwa anafika akukankha njinga, bokosi atalimanga kumbuyo. Matabwa ake anali a mlombwa, amene amayi anga anasunga zaka zambiri kuti adzakhale chitseko cha nyumba yawo. Atamva kuti mlongo wawo wamwalira, anawatumiza kwa mmisiriyo osafunsa munthu. Pasanapite nthawi, amalume aang'ono anatulukira ndi anzawo, atanyamula jeneza, chithatha chimene Asilamu amanyamulira maliro, ndi sanda, nsalu yoyera yokulungira thupi. Bokosi ndi jeneza zinaikidwa pansi pa mango uja, pafupi ndi mulu wa matayala akale. Anthu amene ankafika, ena pa njinga ena pansi, ankayang'ana zinthu ziwirizo n'kuyang'anana okha.

Cha m'ma seveni koloko, mkulu wa adzukulu anabwera kuchokera kumanda, matope ali m'mawondo. Anagwada pamaso pa akuluakulu n'kunena kuti dzenje lafika m'chiuno ndipo makasu aima. Ngati maliro alowa ndi bokosi, akumba molunjika pansi. Ngati alowa ndi nsalu, ayenera kuboola kachipinda m'mbali mwa dzenje kogonekamo thupi. Sakanapitiriza asanamve.

Abale tinasonkhana kuseri kwa nkhokwe, pamodzi ndi shehe wa kunyanja ndi akatekisiti a kutchalitchi kwathu, onse awiri okalamba. Amayi anayamba ndiwo. Anakumbutsa anthu kuti denga la tchalitchi anafolera ndi a Ndala, ndiponso kuti Lamulungu lililonse ankakhala patsinde la mtengo kunja kwa tchalitchi, akunamizira kumata chubu, pamene kwenikweni ankamvetsera nyimbo. Amalume aang'ono anayankha kuti m'mwezi wosala kudya, mkulu wawoyo sankadya kanthu pamaso pawo, ndipo madzulo ankabwera ndi mbatata yootcha kuti amasulire limodzi.

"Anandiuza ndi pakamwa pawo kuti akanakhala wa kwathu," anatero.

"Achimwene, musanamizire munthu amene sangathe kudziyankhira," anatero amayi.

"Achemwali, ine ndiname pamaliro a mkulu wanga? Mufunseni mwana wanuyu. Analipo, ndipo ankalemba m'kaderno mwake."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Zinali zoona. Pa tchuthi cha Disembala ndinkasonkhanitsa mawu a anthu akale kuti ndikagwiritse ntchito pa phunziro la chiyankhulo, ndipo tsiku lina ndinakhala ndi amalume awiriwa pansi pa mango, ndikulemba zonse zimene ankanena. Kopelo linali m'chikwama changa m'nyumba. Ndivomereze pano kuti ndinaganiza zonena kuti ndinaliiwala ku Cuamba. Ine ndine Mkatolika monga amayi, ndipo ndinkadziwa bwino chimene matabwa aja anali kwa iwo. Amayi anandiyang'ana monga mmene ankandiyang'anira ndili mwana pamene alendo afunsa funso limene yankho lake liyenera kukhala la m'nyumba. Koma munthu amene tinkakanganirana thupi lake anakhala moyo wake wonse akukana kunena chimene sanachione, ngakhale kukana kumeneko kunamusiya yekha pakati pa abale ake. Ndinalephera kumuika m'manda ndi bodza langa. Ndinakatenga kope.

Ndinawerenga monga ndinalembera. Funso langa linali lakuti, boma litalamula kuti munthu aliyense akhale ndi chipembedzo monga mmene amakhalira ndi chitupa, iwo akanasankha chiti. Yankho lawo linali ili:

"Apulofesolo, mafunso anu ndi ofuna kundimangitsa. Chabwino, lembani. Atandigwira pakhosi, ndikanapita kwa mng'ono wangayu. Si chifukwa cha Mulungu wawo ayi, ameneyo sindinamuone monga sindinaone wa amako. Koma ine ndakumba manda ambiri, ndipo ndaona mmene anthu amapitira. Kwa Asilamuwa, mwini sitolo ndi wopalasa bwato amalowa ndi nsalu imodzimodzi. Ndipo panjira sipakhala anthu anayi otopa okha. Aliyense amaikako phewa pang'ono n'kusiyira mnzake. Chimenecho ndimachisirira. Vuto ndi kachasu wanga, akanandithamangitsa sabata lisanathe. Koma nyimbo ndikanakaba kwa amako, chifukwa pali ina imene akaiyamba ndimalephera kugwira sipanala. Tsono lembaninso kuti mpaka lero palibe amene wandigwira pakhosi."

Pa mawu a kachasu ena anaseka, kenako n'kudzigwira. Amayi sanaseke. Anaphimba nkhope ndi kapulana, chitenje chimene anafunda, n'kunena motsitsa kuti, "Iwe, wandivula pagulu." Amalume aang'ono anayamba kuimirira kuti akauze adzukulu aboole kachipinda ndi kuti anthu a kumzikiti akonzekere swala, pemphero lawo la maliro.

Shehe anawagwira dzanja kuti akhale pansi. Anayankhula m'Chichewa kuti onse amve. Anati munthuyu ananena kuti atagwidwa pakhosi, ndipo ali moyo palibe amene anamugwira. Kodi tsono amugwire lero, pamene alibe mpweya wokanira? Anati swala sangamuchitire, chifukwa sanatchulepo mawu a chikhulupiriro. Koma anawonjezera kuti a Ndala ndiwo anakumba manda a mkazi wake mvula ikugwa, ndipo phewa lake lokalambalo alipereka. Akatekisiti nawo anati mwambo wa mpingo sangauchite pa munthu wosabatizidwa amene sanaupemphe, ngakhale mitima yawo ikufuna, koma palibe lamulo loletsa azimayi kuimba panjira.

Mbali zonse ziwiri zinali zitakana kuwatenga, ndipo dzenje linali likudikirabe. Ndinayamba kuopa kuti chilungamo changa chawasiya amalume opanda mwini.

Amene anatsegula njira ndi amayi. Anapukuta maso n'kunena kuti ngati mlongo wawo anasirira nsalu, alowe ndi nsalu, koma bokosi silibwerera kunyumba kwawo. Sakanalola kuti munthu amene anawaberekapo kumsana powoloka malire apite opanda kanthu kochokera kwa iwo. Mmisiri wa matabwa uja, amene anakhala chapatali akumvetsera, anafunsa mkulu wa adzukulu kuti kachipinda kaja amatseka ndi chiyani. Anamuyankha kuti amatseka ndi mitengo yodula kuti dothi lisagwere pathupi.

"Ndiye mlombwa ungalephere ntchito ya mitengo ya kutchire?" anatero mmisiriyo.

Anatenga hamala yake n'kupita pansi pa mango. Gulu lonse linaona akuzula misomali m'bokosi limene anapala usiku wonse, mmodzimmodzi, mosamala kuti thabwa lisang'ambike. Ena ongofika kumene anadabwa, ndipo ndikukhulupirira kuti mphekesera zija zinayambira pamenepa.

Thupi anasambitsa amalume aang'ono, osati monga Msilamu koma monga mng'ono wa womwalira, ndipo anandiitana kuti ndiziwathirira madzi. Tinawakulunga m'nsalu yoyera n'kuwagoneka pajeneza. Tinanyamuka dzuwa lili pafupi kufika pamutu, nkhungu itatha koma mphepo ikuombabe. Asodzi anandanda mbali ziwiri za njira, ndipo jeneza inkayenda pamapewa awo ngati bwato pamadzi, munthu aliyense akunyamula mapazi ochepa n'kuthamangira kutsogolo kukadikiranso. Amuna a kutchalitchi poyamba ankayenda pambuyo, osadziwa polowera. Kenako akatekisiti anavula chipewa n'kulowa pamzere, ndipo ena onse anatsatira. Ndinaona anyamata okwezetsa katundu pamsika, ogulitsa nsomba, ngakhale wapolisi wina amene njinga yake inkakhala pa mango paja mwezi ndi mwezi. Ine ndinanyamulako katatu, ndipo sindinatope. Pambuyo pathu pankabwera anthu asanu ndi mmodzi, aliyense atasenza thabwa. Pambuyo pa iwo pankabwera amayi a kutchalitchi, akuimba nyimbo ina ikatha n'kuyamba ina, amayi anga ali patsogolo. Akazi a Chisilamu, amene mwambo wawo suwalola kufika kumanda, anaperekeza mpaka pamphambano n'kuima pamenepo.

Kumanda sikunamveke pemphero lokweza. Amalume aang'ono ndi adzukulu awiri analowa m'dzenje, nalandira thupi, naligoneka m'kachipinda. Matabwa anatsitsidwa limodzilimodzi, ndipo anakwana bwino ngati anayezedwera ntchito imeneyo. Shehe ndi akatekisiti anaima moyandikana, milomo yawo ikugwedera, ndipo sindikudziwa zimene aliyense ananena kwa Mulungu. Woyankhula anali mkulu wa adzukulu yekha. Anati khasu limene akwiririre ndi la a Ndala eni ake, mpini wake unasalala ndi manja awo pamaliro a anthu ena, ndipo lero aliyense aligwireko. Linayenda m'manja mwa anthu mpaka mtumbira unakwera.

Titabwerera, anthu anasamba m'manja pakhomo n'kudya. A kunyanja anayamba kunyamuka chifukwa ulendo wawo ndi wautali, jeneza yopanda kanthu ataimanga panjinga. Dzuwa likupendeka, pabwalo panatsala phulusa la moto uja pawiri, mikeka yokulunga ndi misomali imene mmisiri anaisiya m'kachitini pansi pa mango.

Amayi sanandiyankhule chibwerereni kumanda. Ndinawapeza atakhala okha pakhonde la nyumba ya amalume, akuyang'ana masipanala opachikidwa pakhoma. Ndinakhala pansi chapatali, ndikudikira kudzudzulidwa. Patapita nthawi anandiuza kuti ndikatenge kope ndiwerengenso, osati zonse, koma pamene pakunena za nyimbo pokha. Ndinawerenga. Anandiuza kuti ndibwerezenso. Kenako anafunsa kuti, "Inali iti?"

Sindinawafunse amalume funso limenelo. Ndinali wotanganidwa ndi kulemba mawu awo molondola moti sindinaganize zofunsa dzina la nyimboyo. Nditawauza amayi zimenezi, anagwedeza mutu n'kunena kuti n'chifukwa chake panjira sanabwereze nyimbo ngakhale imodzi. Anaimba zonse zimene akanatha kukumbukira, kuti mwina ija ikhale pakati pake.

Izi ndi zimene ndinaona ndi kumva. Ngati pali amene analipo ndipo waona kuti ndalakwitsa dongosolo la zochitika, mawu a akuluakulu, kapena kalembedwe, ndikupempha andikonze, ndipo ndidzalandira mothokoza. Koma makamaka ndikupempha inu amene munkakonzetsa njinga kwa a Ndala tsiku Lamulungu kunja kwa tchalitchi. Ngati munaonapo manja awo ataima pa ntchito, yesani kukumbukira nyimbo imene inkaimbidwa pa nthawiyo, ndipo mutumize uthenga kunyumba kwathu. Amayi akuidikira.