Mphunzitsi wa Zinkhope Zapadenga

Aneba anga kuno ku Mfuleni, mumzinda wa Kepi, amapenta nyumba ku Brackenfell, ndipo Loweruka amaphunzitsa ana kujambula. Sayamikira msanga. Mwana akajambula duwa amati, "Chokongola aliyense angachithe. Jambula chonyansa tikuone."

Amakonda zinkhope zamiyala zimene amisiri akale ankaika m'mphepete mwa madenga a matchalitchi, maso ali tong'o, kukamwa kuli yasa.

Tsiku lina Mayi Triza anabwera ndi chithunzi cha chinkhope chotere chimene mwana wawo anajambula m'kalasimo.

"Bambo, zinyau tinazisiya kumudzi. Mwazitsatira mpaka ku Kepi? Ana athu sabweranso."

Amayi ena amawamvera mayiwa, choncho kalasi ikanathera pompo.

Anebawo sanatsutse. Anatenga chinkhope chadongo chimene ana anaumba, nathira madzi kumsana kwake. Madziwo anatulukira kukamwa.

"Ntchito yake ndi imeneyi, mayi. Chimalavula mvula kuti khoma lisanyowe. Kunyansako ndi luso la mmisiri."

"Ndiye ndi paipi chabe?"

"Paipi yokhala ndi nkhope."

Mayi Triza anachiyang'anitsitsa kanthawi.

"Mwana aziphunzira. Koma chithunzichi chizigona kwanu konkuno."