Tinyerere ta M'masamba ndi Mazira a Thadzi Langa

Chaka chimene ndinasamukira ku Kasisi kuchoka mu Lusaka, ndinali ndi nkhuku imodzi yokha, thadzi lamawangamawanga. Ndinkalinyadira koopsa. Mvula ili pakati, linayamba kufungatira mazira khumi m'kakhola kuseri kwa nyumba.

Loweruka lina ndinakatuta masamba owola m'kankhalango ka kumtsinje, ati manyowa a ndiwo zanga. Ndinawakhuthulira pafupi ndi khola. Poyang'ana, mayo ine, nyerere zofiirira zili nyakanyaka! Linthumbwi limeneli! Likalowa m'khola, nkhuku imatsala mafupa okhaokha.

Ndinazunguliza khola ndi phulusa, n'kutenga dengu kuti ndisamutse thadzi ndi mazira ake.

Mwamwayi tsikulo kunali mlamu wanga, mkazi wa akulu anga, mlimi wa ku Bundabunda, wosachedwa kuseka munthu.

"Alamu, ikani dengu pansi," anatero. "Nkhuku yofungatira mukaisuntha, mazira iwasiya. Mwaziona bwino nyerere zanuzo?"

"Naonera patali," ndinayankha. "Nikali kuufuna moyo."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako anatapa masamba ndi manja, n'kuwakutumulira m'mbale yoyera.

"Valani magalasi anu a ku ofesi. Linthumbwi liyenda pamzera, lili na asilikali a mitu ikuluikulu, ndipo sembe pano muvina mutavula buluku. Nanga utu?"

Ndinawerama. Tinyerereto tinali ting'onoting'ono kuposa njere ya chitowe, tofanana msinkhu, kalikonse kakuyenda pang'onopang'ono njira yakeyake. Mlamu anakhudza kamodzi ndi kaudzu, iko n'kudzipinda, kali zii ngati kafa.

"Utu ni twa m'masamba onyowa," anatero. "Dzina sinidziwa, koma ulemu tuli nawo. Ikani chala."

Ndinaika, maso nditatsinzina. Palibe chinandiluma.

Dengu ndinabweza, koma kunena zoona mantha sanathe. Mlungu wonse ndinkasuzumira m'khola ndisananyamuke kupita ku ntchito, thadzi likundiyang'ana ngati ndapenga.

Anaswa asanu ndi anayi. Ndinakondwa ngati ndaswa ndine! Tsiku limene thadzi linatulutsa anapiye koyamba, linadutsa pa phulusa langa lija, n'kulunjika pa mulu wa masamba. Linapalasa kawiri, n'kuitana. Ndili chiimire pomwepo, anapiye anatola linthumbwi langa lonse, kamodzikamodzi.