Bulugamu wa mafuta a galimoto

Mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, anapita kunja kukaphunzira za mitengo. Ife tinkayesa kuti mitengo timaidziwa kale, poti tinabadwira m'munsi mwa phiri, koma ayi ndithu, pankafunika kukwera ndege.

Tsiku lina anaimba foni. Anati kumeneko akusintha chibadwa cha mtengo kuti uzimera wofewa, asamavutike pougaya n'kupanga mafuta a galimoto. Amuna anga anamvapo mawu awiri okha, mtengo ndi mafuta. Kutacha anayamba kuyenda ngati mwini filingi siteshoni, munthu woti njinga yake ya kabaza inalibe ndi mabuleki omwe.

Munda unali wanga, wondisiyira mayi anga. Amuna angawo anabwera kwathu kudzakhala chikamwini ndi kachikwama kamodzi. "Mayi a ana, nandolo sanalemeretsepo munthu," anatero. "Tidzale bulugamu, ogula akubwera." Ndinavomera, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ndinaopa kuti anthu azinena kuti mkazi wosapita kusukulu akulimbana ndi sayansi.

Bulugamu anakula mosangalala kwabasi. Anamwa chinyezi chonse, chimanga cha m'mbali chikumalekeza m'mawondo. Ndinayamba kukagula nandolo pamsika wa Limbuli, kwa amayi omwe kale ankadzapempha mbewu kwa ine. Ankandipatsa moni waulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unkandipsetsa mtima.

Patapita zaka, mlamu uja anabwera atavala magalasi. Tinapita naye kumunda, amuna anga ali patsogolo, malaya atapisira.

"Achimwene, uyutu ndi bulugamu wamba," anatero mlamu. "Wathu uja akadali m'mabotolo, wamfupi ngati chala. Uyu ngolimba kwambiri."

"Ndiye titani naye?" anafunsa amuna anga.

"Nkhuni zabwinotu izi," anayankha akupukuta magalasi. Sukulu ya zaka zonsezo, n'kudzatiuza ife kuti mtengo ndi nkhuni.

Amuna anga sanathe kupirira manyazi pamodzi ndi pakamwa pangapa, choncho anabwerera kwawo ku Chonde. Ndinagwetsa mitengo yonse kuti munda wa mayi anga ubwerere mwakale. Mvula yoyamba itagwa ndinapita ndi mbewu m'kansalu, ndipo ndinapeza chitsa chilichonse chitaphukira nthambi zinayi, zina zisanu, zobiriwira bwino. Ndinakhala pansi ndi khasu langa n'kuyamba kulira.