Magolovesi a ku Luchenza

Ine ndikayankhula minda yonse ya tiyi imamva, koma kuwerenga kunandikana. Mayi a kunyumba mphira imawatupitsa khungu, anesi anatichenjeza kale. Nditagula magolovesi ku Luchenza oti mayiwo azivala ponditsuka chilonda chapamwendo, ndinapatsa a Likhutcha, anzanga oyenda ndi nyuzipepala kukhwapa, kuti andiwerengere bokosilo.

"Palibe vuto, achimwene, alemba kuti ngolimba."

Kunyumba ndinadziguguda pachifuwa: "Ndawerenga ndekha, valani!"

Kutacha manja awo anali ngati mbatata. Kuchipatala anesi analoza chenjezo la mphira pabokosipo. "Munawerengadi, agogo?"

"Magalasi ndinaiwala," ndinanong'ona, ine wosadziwa kunong'ona.

A Likhutcha nditawakalipira anangoseka: "Inenso nyuzipepalayo ndimangoona zithunzi."

Zaka zonsezi ndakhala ndikuwagulira mandasi kuti azindiuza za dziko!