Galimoto Imene Anasiya Mwana wa Atelala

Atelala anasoka masuti zaka makumi atatu osagwirako sipanala. Makaniko anali mwana wawo wamkazi. Iyeyo atamwalira ndi matenda a impso, anasiya m'galaja galimoto yachikale yaliwiro, ya mipando iwiri, yopanda denga, injini yake ili mbwee pansi.

"Bambo, tingoigulitsa kwa ogula zitsulo," anatero mkamwini wawo, mwamuna wa malemuyo.

"Ayi akamwini, thukuta la mwana wanga silikwera pa sikelo."

Atelala anaganiza zoikonza okha, ndipo anayamba ndi zimene ankadziwa, kusoka mipando yachikopa. Kenako anatsegula kope la malemuyo, mmene analembamo malo a bawuti iliyonse, n'kumatsatira mzere ndi mzere, magalasi ali pamphuno. Anapala dzimbiri mpaka zala zawo zinaleka kumva singano.

Patatha zaka zinayi, injini inalira. Poti atelala sankadziwa kuyendetsa, mkamwini analowa n'kugwira mpando kuti aukankhire m'mbuyo, miyendo ikwane.

"Usiyeni pomwepo," anatero mkuluyo. "Anali wamfupi mwana uja."

Mkamwini anachotsa dzanja, n'kuzimitsa injini. Atelala anatsegula chitseko n'kukhala pa mpando winawo, pambali pake.