Siwa ya ku Lewisham

Ine sukulu ndinangoionera pamsewu. Izi ndikuyankhula pakamwa, akulemba ndi mdzukulu wanga wamkazi, ndipo ndamuuza kuti asandikonzere mawu. Komabe ilipo kalasi imodzi imene ndimaitenga ngati yanga: ya mwana yemweyu, chaka chake chomaliza ku sekondale kuno ku Lewisham.

Ku London ndinabwera kudzalera adzukulu, poti mayi wawo ndi nesi, nthawi yake yonse ndi ya chipatala. Fulati yathu inali pafupi ndi sukulu, ndiye akaweruka atsikana a kalasi imeneyo ankathira kwathu, asanu ndi awiri, tsiku lina khumi, nsapato mbwee pakhomo. Ankati abwera kudzawerenga, koma chimene ndinkaona chikutha ndi mandasi anga. Wolamula gululo anali mtsikana wa ku Peckham, makolo ake a ku Nigeria, mawu ngati belu la tchalitchi. Ndi amene ndinayamba kumuphunzitsa kulandira chinthu ndi manja awiri, iye n'kumakalipira anzake akaiwala.

Zinali zaka za nkhondo. Osati kuno, kuno mabasi ankayenda monga mwa masiku onse. Nkhondoyo inali kutali, koma inkalowa m'mafoni mwa ana. Loweruka kalasi yonse inkasonkhana muholo ya sukulu kulongedza majekete ndi mabulangete otumiza kwa othawa. Ine ankanditenga kuti ndizikapinda, chifukwa ana a kuno sapinda chovala, amangochifinya n'kuponya m'katoni. Nkhondo yomweyo inawabweretsera mnzawo, mtsikana wamtali wosayankhulayankhula, amene anathawa ndi mayi ake, bambo n'kutsala akumenya nkhondo. Masamu anali ake. Ankafuna kukaphunzira zomanga milatho, ndipo ku yunivesite anali atamusungira malo, bola akhoze mayeso omaliza.

Kutatsala milungu itatu kuti mayeso ayambe, uthenga unafika woti bambo ake aphedwa, ndipo anawaika kale komweko. Mwanayo anasiya kubwera kusukulu. Foni osayankha. Kwa aphunzitsi anangotumiza mawu akuti mayeso salemba. Nanga akapanda kulemba, malo aja apatsa wina, zaka zonse zija zalowa m'madzi.

Tsiku lachinayi ndinapeza anzakewo atazungulira tebulo langa, akulemba khadi lalikulu. Ndinafunsa mdzukulu wanga kuti akamuona liti mnzawo. Anandiyankha theka Chichewa theka Chingerezi, kuti akuluakulu akusukulu ati amusiye kaye yekha apume, khadilo akangoliponya pa kabowo ka makalata.

"Mukaponya pepala pachitseko cha anamfedwa, inu n'kubwerera?"

"Agogo, kuno zimatero. Munthu samupanikiza."

"Nanga m'nyumbamo akuwaphikira ndani?"

Mdzukulu wanga anawamasulira anzake funsolo.

Kwathu ku Ntcheu msewu ndiwo malire. Nkhondo itavuta tsidya linalo, ine ndili mayi wa ana awiri, anthu ankawoloka ndi mitolo pamutu. Ambiri ankamva za imfa ya wawo patapita miyezi, mtembo osauona, manda osawadziwa. Mphasa tinkayala ndithu, n'kukhala nawo. Maliro opanda mtembo ndiwo amafuna anthu ambiri, chifukwa wofedwa alibe poyang'ana. Ayang'ane nkhope zanu.

Ndiye ndinawapatsa malamulo a pa siwa. Simupita ndi nkhani. Simufunsa kuti ukupeza bwanji. Mumavula nsapato, kukhala pansi, miyendo kutambasula, n'kukhala chete. Ukatopa umakatsuka mbale. Wa ku Peckham uja anati kwa agogo akenso amatero, koma iye kukhala chete sanabadwe nako. Ndinati ndiye kwako ndi kukhitchini.

Ndinatsegula sutikesi n'kuwagawira zitenje, poti pamaliro sapita ndi timasiketi ta sukulu. Kumanga ndinaiwala kuwaphunzitsa. Pofika pokwerera basi, wina anali atamanga m'khwapa ngati akuchokera kosamba, wina atazunguliza m'khosi, wachitatu akuchikoka pansi ngati mkwatibwi. Ndinawamanga mmodzimmodzi anthu akutiyang'ana, poto wa mpunga ali pamapazi.

M'basimo ndi mmene ndinayamba kukayika. Mwambowu ndi wathu, si wawo. Bwanji akatibweza? Ndidzakhala ndasocheretsa ana a eni, ndipo mwana uja adzatseka chitseko kawiri.

Anatsegula ndi mayi ake, maso otupa. Anaona gogo wakuda ndi atsikana asanu ndi anayi m'zitenje. Iwo Chingerezi chawo chinali ngati changa chomwe, cha moni ndi zikomo. Ndinapinda maondo, n'kugwira dzanja lawo ndi manja anga awiri.

"Pepani, mayi," ndinatero m'Chichewa.

Anapatuka kuti tidutse. Galasi la pakhoma anali ataliphimba ndi nsalu, kandulo ikuyaka pafupi ndi chithunzi cha mwamuna wawo. Ndinadziwa kuti miyambo ali nayo, chikusowa ndi anthu.

Tinakhala pa kapeti. Mayiwo anakhala kaye pampando, kenako anatsika n'kudzakhala pambali panga. Mpunga anadya pang'ono. Koma mwana uja sanatuluke kuchipinda, ngakhale kutsokomola. Dzuwa litapendeka tinatsanzika.

Mawa lake chimodzimodzi. Ana anagawana masiku, anayi anayi akaweruka, ine tsiku lililonse. Ena anayamba kung'ung'udza kuti tikungodzivuta, mwina tikumukwiyitsa kumene. Ndinati pa siwa sakhalira kuti akuthokozeni. Koma nanenso ndinkawerenga masiku a mayeso pa zala.

Tsiku lachisanu la siwayo kukhala chete kunawakanika. Mmodzi anasolola buku pansi pa chitenje, wina naye. Ndinatseka diso limodzi. Posakhalitsa wa ku Peckham anatuluka kukhitchini manja ali thovu, kudzawaonetsa kasovedwe ka samu ina. Ankati akunong'ona, koma kunong'ona kwake kumamveka pamsewu. Anatsutsana, uyu akuti yankho ndi ili, uyu akuti ayi, winanso akumunena mnzake kuti mutu wake ndi wosungiramo nyimbo basi. Ndinadzuka kuti ndiwakalipire, phokoso lotere pamaliro. Mayi aja anandigwira mkono, n'kuloza kuchipinda ndi maso.

Chitseko chinali chitatseguka. Mwana uja anaima pamenepo, tsitsi losapesa, atavala juzi ya bambo ake. Anayenda kudzatenga cholembera m'manja mwa wa ku Peckham. Mdzukulu wanga anandimasulira pambuyo pake zimene ananena.

"Nonse mwalakwitsa kuyambira mzere wachiwiri. Ndakhala ndikukumverani."

Anakhala pansi pakati pawo. Atasova samuyo analira, kulira kwenikweni, kumene mayi ake anati anali asanalire chifikireni uthenga. Anzakewo anandiyang'ana kuti atani. Ndinawakodola kuti angokhala pomwepo.

Za mayeso sanalonjeze. Masiku otsalawo ankawerenga nawo, koma wina akatchula tsikulo ankangoti aona. M'mawa wa pepala loyamba ndinaperekeza mdzukulu wanga mpaka pageti. Anzake onse analipo, koma wofedwa uja kunalibe. Aphunzitsi anayamba kuwalowetsa, wa ku Peckham akukana kusuntha, akuti amuyembekeza ngakhale amuchotse dzina. Basi inadutsa yopanda iye. Yachiwiri itaima, anatsika ndi mayi ake, akuthamanga, zolembera zili m'kapepala ka pulasitiki.

Ine ndi mayi ake tinakhala pabenchi la pokwerera basi mpaka ana anatuluka, tikumwa tiyi wa m'fulasiki yawo m'kapu imodzi, opanda chinenero. Zotsatira zitabwera, sanakhoze mmene ankakhozera kale, koma zinakwana. Malo aja anawapeza. Pano ali kumpoto kwa dziko lino, kumene amati kumazizira kuposa kuno, akuphunzira milatho yake.